Mapale Anga ndi Thandala la Amayi

Nditalembetsa digiri yachiwiri ku yunivesite, anthu akwathu ku Champiti ankafunsa amayi kuti mwana wanu uja akuphunziranso chiyani, poti gauni anavala kale. Amayi ankayankha kuti akuphunzira mbiri yakale, n'kusintha nkhani msanga. Sankanama, koma sankanena zonse. Ine ndinkaphunzira kufukula zinthu zimene anthu akale anasiya m'nthaka. Anzanga ena anasankha zojambula za m'mapanga, ena ng'anjo zosungunulira chitsulo, zinthu zoti ukazitchula pagulu anthu amagwedeza mutu mwaulemu. Ine ndinasankha dzala, pamene amayi akale ankataya phulusa, mafupa ndi miphika yosweka.

Funso langa linali laling'ono. Kwathu kuno timakonda kunena kuti ng'ombe ndi mkaka zinabwera ndi Angoni. Ndinkafuna kudziwa ngati anthu amene Angoniwo anawapeza m'mapiri muno ankathira kale mkaka m'miphika yawo. Yankho lake limakhala m'kati mwa phale. Mphika ukapserera pamatsala makoko akuda, ndipo mafuta a chakudya amalowerera m'dothi la mphikawo n'kukhala momwemo zaka mazanamazana. Kumayiko akunja kuli malabu, nyumba zopimira zinthu, amene amapala makoko oterewa n'kukuuza ngati munkaphikidwa mapira, nyama kapena mkaka. Ndiye digiri yanga yonse inatsamira pa litsiro la m'miphika ya anthu amene anafa kalekale.

Bwinja loti ndifukule sindinavutike kulifuna. Linali m'munda wa amalume, achimwene awo a amayi, m'munsi mwa kaphiri kamene tinkatolako nkhuni. Tili ana tinkatola mapale pamenepo n'kumasewerera phada, osadziwa kuti tikuponda pakhomo pa anthu. Zilolezo zonse zitatheka, ndinapita kwa amalumewo atangomaliza kukolola.

"Kumba, mphwanga," anatero. "Koma mvula isanagwe undibwezere munda wanga mmene unalili. Mbiri yakale sitidya."

Ndinakhoma zikhomo, kumanga chingwe, n'kuyamba ndi amuna awiri aganyu. Ntchito yake ndi yotopetsa ndipo siyoneka. Umagwada tsiku lonse ukupala dothi ndi kampeni komangira nyumba, kenako dothilo umalisefa ngati ufa. Anthu odutsa panjira ankaima n'kufunsa ngati golide wapezeka. Mayi wina wochokera kumjigo anatula ndowa yake, kundiyang'anitsitsa, n'kunena mokweza kuti ndimve: "Sukulu yonse ija, kudzathera kusefa dothi." Ndine munthu wa mtima wapachala, koma tsiku limenelo ndinangoseka, chifukwa m'sefa munali phale lalikulu lodzaza makoko.

Dothi la padzala limasanjikizana. Zapansi ndi zakale, zapamwamba ndi zaposachedwa, ndipo phale limakhala ndi phindu ukadziwa pamene linagona. Choncho phale lililonse la makoko ndinkalinyamula nditavala magolovesi, kulikulunga m'pepala lonyezimira ngati la m'paketi ya ndudu, kuliika m'kajumbo kake, n'kuponyamo kapepala konena kuti lachokera pati ndiponso mozama bwanji. Timajumboto ndinkagula kumsewu wa tala, kwa bambo wina wachisilamu amene banja lake lakhala ndi golosale pamenepo chibadwire changa. Nditapitako kachitatu anandifunsa ngati ndayamba geni ya mchere, ndipo anandichenjeza kuti ilibe phindu.

Madzulo ndinkabwera nazo kunyumba kwa amayi n'kuzisanja m'chipinda chimene ndinkagona ndili mtsikana. Ndinanena momveka bwino pabwalo, aliyense ali pomwepo, kuti pasakhale munthu wokhudza zinthu zimenezi. Amayi anamva, ndipo lamulolo analigwira mwamphamvu. Adzukulu awo akangoyandikira chitseko chija ankawathamangitsa ndi tsache. Kungoti iwowo sanadziwerengere m'gulu la anthu amene angaletsedwe kanthu m'nyumba mwawomwawo.

Amayi anga ndi munthu amene amakwecha poto mpaka uzidziona nkhope kunsi kwake. Akapita pamudzi pa munthu, asanapereke moni amayamba aponya diso pathandala, ndipo akabwerako amakuuza khalidwe la mkazi wa pamenepo. Tsiku lina ndinawaonetsa phale limodzi ndisanalikulunge. Analiyang'ana atakwinya mphuno.

"Mwini mphikawu anali wauve," anatero.

Ndinaseka, n'kuwauza kuti uve wakewo ndi umene ndikuufuna. Iwonso anaseka, poganiza kuti ndikuchita nthabwala.

Pofika mu Okutobala, kutentha kwa ku chigwa cha Bwanje kutayamba kukwera mpaka kwathu kumtunda, ndinali nditapeza zokwanira. Tinakwirira dzenje lija, amalume n'kuyamba kuunga mizere. Aphunzitsi ondiyang'anira anandiimbira foni kuti abwera kudzaona mapalewo tisanasankhe otumiza ku labu. Nditawauza amayi, pakhomo panasanduka ngati pakubwera ukwati. Anazira khonde, anasesa mpaka kuseri kwa khola, anamanga tambala mwendo kuti asasowe. Ine ndinatsogola kupita kuboma n'kukagona kwa mnzanga, kuti m'mawa mwake ndidzawalondolere aphunzitsiwo njira, poti misewu yakwathu ilibe zikwangwani.

Tinafika dzuwa lili paliwombo. Ndisanatsike n'komwe galimoto ndinaona thandala litafiira. Poyamba ndinayesa kuti amayi ayanika mbatata. Nditayandikira ndinaona kuti ndi mapale anga, onse, atayalidwa bwinobwino kuyambira aakulu mpaka ang'onoang'ono, oyera mbee m'kati ndi kunja. Timajumbo tija anali atatitsuka n'kutiyanika pachingwe. Mapepala onyezimira anawawongola n'kuwapinda, atawatsendereza ndi mwala kuti asauluke. Timapepala tolembapo tija sindinationenso. Ndinamva pambuyo pake kuti tinanyowa, ndiye anatitaya kudzala.

 Ndinkafuna kukuwa, koma amayi anali atatuluka kale atavala chitenje chatsopano, atagwada pafupi ndi mpando umene anawaikira alendo.

Aphunzitsi anga anali bambo wachikulire, wosalankhulalankhula, amene anafukula malo ambiri ine ndisanabadwe. Atalonjerana ndi amayi anapita pathandala paja. Anatola phale limodzi, kulitembenuza, kulinunkhiza. Fungo la sopo ndinkalimva ndili chapatali.

"Mayi, mwagwira ntchito yaikulu," anatero.

"Zinali zosaonetsa alendo, bambo," amayi anayankha. "Mwanayu ndinamuphunzitsa ndithu, koma sukulu inamuiwalitsa. Ndati musadzanene kuti kwawo kwa mtsikana uja kulibe munthu wamkulu. Zina zinali zokakamira, mpaka ndachita kuviika usiku wonse, ndiye n'kukwecha ndi mchenga."

Aphunzitsi anathokoza. Anakhala pansi, anasamba m'manja, anadya tambala uja n'kuyamikira kaphikidwe. Anacheza ndi amayi za mtengo wa feteleza ndi za mvula ngati palibe chachitika. Ine chakudya sindinachikhudze n'komwe. Amayi anandifunsa kawiri ngati ndikumva malungo.

Powaperekeza, titafika pagalimoto, ndinawafunsa ngati pali chimene tingapulumutse. Anapukusa mutu. Makoko apita, sopo walowa m'dothi la mapale, ndipo popeza asakanizidwa sitingadziwenso kuti lapansi ndi liti, lapamwamba ndi liti. Anandifunsa ngati dzala lija ndinalimaliza lonse. Ndinati mbali ina yatsala.

"Ndiye mudzabwereza chilimwe chikubwerachi," anatero. "Ndikakulemberani kalata kuti akuwonjezereni chaka. Amayi anu muwauze mofatsa."

Kufatsa kumeneko sindinakupeze. Fumbi la galimoto lisanathe ndinali nditaima kale pathandala, amayi akusonkhanitsa mbale.

"Amayi, mukudziwa chimene mwachita? Zakuda zija ndiye zinali ntchito yanga. Miyezi yonse ija ndimagwada m'munda mwa amalume, ndimafuna zimene mwakwechazo. Ngakhale ineyo sindimazigwira ndi manja, chifukwa thukuta lokha limaziwononga. Inu mwathira sopo."

Anaika mbale pansi pang'onopang'ono.

"Nanga bwanji sunandiuze?"

"Ndinanena kuti pasakhale wokhudza."

"Unkanena ana."

Anayang'ana mapale aja, n'kuyang'ana ine. Ndinaona nkhope yawo ikusintha, koma amayi si munthu wogonja msanga.

"Aphunzitsi ako athokoza," anatero.

"Athokoza chifukwa ndi mlendo."

Amayi anatolanso mbale zija. Kenako ananena kuti si nkhani, mawa tilawirira ndi makasu, aitana amayi anzawo a kumpingo, ndipo pofika masana tikhala titadzaza matumba awiri. Ndinawafotokozera kuti sizikumbidwa ndi khasu, kuti zimatenga miyezi, kuti amalume aunga kale mizere ndipo mitambo yayamba kusonkhana. Ndinawauza kuti anzanga amaliza, ine nditsala.

"Chaka chathunthu?"

"Chathunthu."

 Amayi anatenga lichero n'kuyamba kuchotsa mapale pathandala limodzilimodzi. Atamaliza anandifunsa kuti awaike kuti, ndipo ndinati kulikonse. Ndinali ndi mkwiyo woti sindinkafuna kuwayang'ana, komanso ndinkawamvera chisoni. Madzulo omwewo anapita okha kwa amalume kukapempha kuti kachigawo kosakumba kaja asadzalepo. Amalume anakana, ndipo sindinawaimbe mlandu. Mvula inagwa sabata yomweyo.

Chaka chimenecho chinali chachitali. Ndinapeza ganyu yophunzitsa pa sekondale ina mutauni kuti ndizipeza ya lendi. Anzanga atavala magauni, zithunzi zawo zinkandipeza pafoni ndili m'kalasi, choko chili m'manja. Ndinachita nsanje, sindingabise. Amayi ndinkawaimbira Lamlungu lililonse monga mwa nthawi zonse. Tinkakamba za mbewu, za maliro, za mwendo wawo umene unkawavuta. Za mapale sankazitchula, inenso sindinkazitchula. Mlongo wanga ndi amene anandiuza kuti anthu akawafunsa za sukulu yanga, amayi ankati yatalika chifukwa cha iwo, n'kusiyira pomwepo.

Amalume atakolola ndinabwerera. M'chipinda chija ndinapezamo bokosi lachitsulo la malemu bambo anga, limene anabwera nalo kuchokera ku migodi ya ku Joni. Chimwalirireni bambo, bokosilo linkakhala kumutu kwa bedi la amayi, ndipo munali jekete lawo, chipewa ndi nsapato zimene ankavala popita kutchalitchi. Palibe mwana amene analiona litatsegulidwa. Tsopano linali lopanda kanthu. Zovala zija anazimanga m'chitenje n'kuzipachika kudenga.

"Uziika umu," anatero amayi, akundipatsa kiyi. "Kiyiyu uziyenda naye. Usamusiye pakhomo pano."

Ndinayambiranso: zikhomo, chingwe, kampeni, sefa. Mbali yotsalayo inali yosauka kuyerekeza ndi yoyamba ija, ndipo masabata oyamba ndinkangopeza mafupa a mbewa ndi timapale topanda kanthu. Ndinayamba kuopa kuti dzala lija linandipatsa kale zonse zimene linali nazo. Kenako tsiku lina, chakumadzulo, ndinafukula kunsi kwa mphika, phale lalikulu ngati dzanja langa, makoko ali khathikhathi.

Nditafika nalo kunyumba ndinapeza amayi akusenda nandolo pakhonde. Ndinkafuna kuti aone, komanso ndinkafuna kuti nkhani ija ithe pakati pathu. Ndinavala magolovesi, kumasula pepala lija, n'kuwayandikizira. Ndinawauzanso kuti pali magolovesi ena, atha kuvala n'kuligwira.

Amayi anaika lichero pambali n'kuimirira. Anapukuta manja pachitenje, kenako anawapinda kumbuyo onse awiri, ngati mwana wasukulu pamaso pa ahedi. Anawerama, n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Limeneli ndiye labwino?"

"Labwino kwambiri, amayi. Gwirani."

"Ayi, mwanawe," anatero, manja akadali kumbuyo. "Ndaona. Katsekere."