Foni m'Mwamba, Ine pa Chulu

Sukulu yathu ya ku Chifunga inalibe labotale. Tili Fomu 3, aphunzitsi a Bayoloje anabwera ndi laputopu n'kutionetsa mtima wa munthu pa intaneti. Mtimawo unkagunda ndithu, magazi ofiira akutuluka uku, abuluu akulowa uko. Ukadina, unkatseka kamtsempha kamodzi n'kuona zimene zichitike. Zimene zinkandikanika m'buku zinalowa m'mutu tsiku lomwelo. Anzanga akaweruka ine ndinkatsalira, mpaka mtimawo ndinaudziwa ngati njira ya kudimba kwathu.

Titamva kuti kukubwera alendo ochokera ku Boma kudzaona mmene tikuphunzirira, aphunzitsi anandiuza kuti wofotokoza ndidzakhala ineyo. Anangondipempha kuti ndiphunzitseko mnzanga wina, mwana wa anamwino a pachipatala, kuti ndikadzadwala pasadzasowe munthu. Ine kupusa, ndinamuphunzitsa zonse, ngakhale kaluso kanga kochedwetsa kugunda kuti anthu aone bwino. Kunyumba ndinalengeza nkhaniyo ngati ndakhoza kale mayeso. Bambo anga, amene sankasiya khasu chifukwa cha misonkhano ya kusukulu, anakabwereka jekete yoti adzavale podzandionera.

Tsikulo netiweki inavuta. Aphunzitsi anandipatsa foni yawo, imene inkapereka intaneti ku laputopu, n'kundiuza kuti ndikaime nayo pa chulu kuseri kwa kalasi, mkono uli m'mwamba. Anati ndi kanthawi chabe, andiitana.

Sanandiitane. Kudzera pawindo ndinamva mnzanga uja akufotokoza m'Chingerezi chake chosalala, koma mawu onse anali anga. Alendo anawomba m'manja. Ndinapsa mtima, ndipo ndinaganiza zotsitsa mkono kuti chithunzicho chiime, onse achite manyazi. Sindinatsitse, ndipo mpaka lero ndimadzikwiyira. Chimene chimandiwawa kwambiri ndinachimva pambuyo pake kwa mnzangayo. Iye anauzidwa kuti adzafotokoza ndiye, ine ndisanayambe n'komwe kumuphunzitsa.

Anthu atatuluka, aphunzitsi anali kalikiliki kuperekeza alendo kugalimoto, za foni yawo ataiwala. Bambo anandifunafuna, n'kuzungulira kalasi. Anandipeza ndidakali pa chulu. Anayang'ana ine, anayang'ana foniyo.

"Kodi ntchito ija unkanena ndi imeneyi, mwana wanga?"

Ndinayang'ana pansi, mkono udakali m'mwamba.

"Tsitsa mkono," anatero motsitsa mawu. "Anzako amaliza kalekale."