Tambala Amene Sanali Wathu

Wailesi inalowa pakhomo panga ine ndisakufuna. Mwana wanga wamwamuna, msodzi, anaigula atachokera ku chilumba cha Mbenji chaka chimene utaka unagwidwa wambiri. Inali ya mabatire anayi, yokhala ndi chogwirira pamwamba. Ndinamuuza tsiku lomwelo kuti chinthu cholankhula chimaitana anthu, ndipo anthu akachuluka pakhomo, mmodzi amakhala khutu la boma.

"Amayi," anatero akuseka, "inu ngakhale mbuzi mumaiganizira kuti ikatineneza."

Ndinati mbuzi ilibe mlamu ku ofesi ya chipani. Anthu ndiwo ali nawo.

Zidzukulu zanga lero zimaonera mpira pakanema, zikukuwa mmene zingafunire. Masiku amenewo kanema kunalibe m'dziko muno. Mpira unkaoneredwa m'makutu. Kukakhala mpikisano wa mayiko oyandikana nafe, mwana wanga ankayanika mabatire padzuwa kuyambira m'mawa, ati alowe mphamvu, ndipo masana amuna ankadzaza pansi pa mango wathu ngati pali maliro. Ine mpira sindinkaudziwa, mpaka pano sindiudziwa. Ndinkakhala pakhonde ndi lichero la mpunga, ndikusankha miyala, maso ali pa anthu. Wafika ndani, wakhala pafupi ndi yani, waseka pa mawu ati, wanyamuka nthawi yanji. Imeneyo ndiyo inali ntchito yanga.

Loweruka limenelo Malawi inkasewera ndi Zambia. Aneba athu, bambo amene anakalambira ku migodi ya ku Zambia n'kubwerako ndi chifuwa chosatha, anadzera pampata wa mpanda atanyamula kampando kawo. Mtima wawo unatsalira komweko, aliyense ankadziwa. Akazi awo anadzakhala pambali panga, ati andithandize kusankha mpunga. Sindinawapatse lichero.

"Madala, abale anu aja lero tiwatuma madzi," anatero mwana wanga.

"Iwe mwana, anyamata aja amadya nyama ya m'chitini. Anu akudya bonya awapeza bwanji?"

"Mukumuona uyo? Tikawina sagona. Mudzadyeko mutu, muchepetse chisoni."

Ankaloza tambala wathu, amene anamumanga mwendo ndi chingwe ku mtengo wa thandala, poyanikira nsomba paja. Anali wakuda bii, lipombo lokha lofiira. Tambala wakuda masiku amenewo sanali nkhuku wamba. Anali chizindikiro cha chipani, anali pa khadi imene munthu sunkalowa mumsika ulibe, anali pa nsalu zimene tinkavala akatitenga kukavina. Nditamuona atamangidwa ndinadziwa kuopsa kwake, koma ndinangoganiza kuti tidzamudyera m'nyumba chitseko chili chotseka, nthenga n'kukwirira. Ndinalondera anthu onse tsiku limenelo. Pakamwa pa mwana wanga ndi pamene ndinaiwala.

Zambia ndiyo inayamba kugoletsa. Woulutsa mawu pawailesi anazizira ngati akulengeza za maliro. Aneba anadzuka pakampando, n'kuponya chipewa pansi.

"Amuna ndi amenewo," anatero. "Kuno kulibe amuna. Kuli oombera m'manja okhaokha."

Ena anaseka, ena anayang'ana kunyanja. Akazi awo anatsokomola. Ine ndinapitiriza kusankha mpunga, koma mawuwo ndinawamanga pa nsonga ya chitenje. Munthu ankapita osabwerako chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewo.

Atapuma, athu anabweza chigoli. Kenaka, nthawi itatsala pang'ono kutha, woyimbira anapereka penate. Amuna onse anaunjikana pa wailesi, mitu kugundana. Wina anagwira dzanja la mnzake amene sankalankhulana naye chifukwa cha nkhani ya ukonde. Wailesi inachita phokoso ngati mafuta pamoto, mawu n'kusowa, kenaka anabwera akukuwa kuti chalowa.

Mwana wanga analumpha mitu ya anthu, n'kuthamangira kumchenga kumene amayi ankatembenuza usipa pa mathandala, manja ali m'mwamba.

"Tambala wafa! Wafa tambala lero!"

Ananena katatu. Kachitatu anali yekha, chifukwa pansi pa mango panali pataduka mawu. Amuna anayamba kunyamuka mmodzimmodzi, wina ati akaone bwato, wina ati mbuzi zalowa m'chinangwa. Akazi a aneba anakutumula chitenje n'kupita. Wogula nsomba wina wa kuboma anakwera njinga yake osatsanzika. Kumathandala kunali amayi oposa khumi. Musandifunse amene anakanena. Ndakhala ndikuwasanthula onsewo zaka zonsezi, ndipo palibe amene ndinamuchotsa pa mndandanda.

Ndinamuuza mwana wanga kuti atenge bwato apite, kulikonse.

"Ndalakwa chiyani, amayi? Yawina ndi timu ya dziko lathu. Ndimanena nkhuku."

"Ukamuuze ndani zimenezo?"

Sanapite. Sipanathe ola, anafika anyamata a chipani asanu ndi mmodzi, zibonga m'manja, a tcheyamani a dera lathu akubwera pambuyo pang'onopang'ono ngati akupita ku ukwati. Sanaodire. Sanafunse kanthu. Woyamba anamumenya mwana wanga pakamwa ndi chibonga, ndinaona mano awiri akugwera pamchenga. Atagwa anamuzungulira ndi nsapato. Wina anatenga nkhafi yake yomwe, imene ankapalasira bwato, n'kuyamba kumudula nayo pamsana, m'nthiti, m'miyendo. Mwana wanga anakweza mkono kuti atchinge mutu, nkhafi inatera pamkonopo, ndipo unalira ngati phesi la chinangwa louma. Mnyamata amene anamumenya ndi nkhafiyo ndinathandiza amayi ake tsiku lomubereka. Ndinamutchula kuti mwanawe. Ananditembenukira n'kundikankha pachifuwa, ndinagwera pa lichero, mpunga wonse mbwee.

Anamumanga manja kumbuyo ndi chingwe cha ukonde, mkono wothyokawo n'kuupinda momwemo. Apo ndi pamene anakuwa. Kumenya konse kuja anali chete.

"Uthenga wapita kale kuboma," anatero a tcheyamani. "Galimoto ibwera kudzamutenga. Akafotokozere komweko kuti tambala wafa liti, wamupha ndani."

Galimoto imeneyo tinkaidziwa. Inatengapo mphunzitsi wina pa sukulu yathu, ndi bambo wina wosoka zovala. Wosoka uja anabwerako patapita zaka, osalankhula. Mphunzitsi sitinamuonenso.

Ndinayenda ndi mawondo mpaka pamapazi pawo. Ine amene sindinagwadirepo ngakhale malemu amuna anga.

"Bambo, mwanayu amanena nkhuku. Analonjeza kuti Malawi ikawina apha tambala wathu. Chimwemwe cha dziko lomweli, bambo."

"Nkhuku. Yooneka bwanji nkhukuyo, mayi?"

Apo ndinaona dzenje limene ankandikumbira. Ndikanena kuti wakuda, ndiye kuti tinamanga tambala wakuda dala, kudikira kumudula khosi anthu akuombera m'manja. Ndinayang'ana ku thandala mwakachetechete. Panali chingwe chokha. Tambala panalibe.

"Wofiira," ndinatero.

"Ife tamva kuti wakuda."

"Amene wakuuzaniyo abwere anene pano, ndimuone kumaso."

"Tionetseni wofiirayo."

Ndinadzuka, ndinatapa mpunga wotayika uja m'manja, n'kudutsa pampata wa mpanda kulowa kwa aneba. Anali ndi tambala wofiira wamkulu, amene ankamunyadira, ati mbewu yake ndi yachizungu. Ndinamwaza mpunga, anabwera, ndinamugwira miyendo. Akazi a aneba anali pakhomo la khitchini akundiyang'ana. Inenso ndinawayang'ana. Ndinabwerera naye ali chadodolido.

"Uyu. Anadula chingwe ndi phokoso lija, n'kuthawira kuseriku."

A tcheyamani sanali chitsiru. Anatuma mnyamata kukaitana aneba ndi akazi awo. Anthu ena anali ataima patali, kuseri kwa mabwato, onse amene masana aja anamuona tambala wakuda ndi maso awo.

"Madala, tambala uyu ndi wa yani?"

Sindinadikire kuti ayankhe. Mkazi sankalankhula amuna akufunsana, koma ndinalankhula.

"Anenedi aneba, iwo anali pompano mpira usanayambe. Anamva zonse. Inenso ndinamva zonse, bambo, kuyambira pa chigoli choyamba chija. Mawu onse amene analankhulidwa pansi pa mango uyu ndawasunga, ngati mungawafune."

Chifuwa cha aneba chinawagwira pomwepo. Anatsokomola nthawi yaitali, atawerama, manja pa mawondo. Mwana wanga anali chigonere pamchenga, magazi akutuluka m'kamwa ndi m'khutu, ntchentche zitayamba kale.

"Ndi wawo," anatero aneba atapuma.

"Inu mayi?"

Akazi awo anayang'ana tambalayo, anayang'ana amuna awo. "Ndi wawo. Timamuona akudya pompano."

A tcheyamani anakumba mchenga ndi nsonga ya nsapato. Ndikuganiza kuti ankadziwa. Ndikuganizanso kuti ankawerengera kuti nkhaniyi ikafika kuboma, adzafunsidwa chifukwa chake dera lawo lili ndi pakamwa pambiri chonchi. Kapena nawonso anali atangokondwera ndi penate ija kwawo. Za mumtima mwa munthu ine sindiziikira kumbuyo.

"Ndiye afe, tione," anatero.

Ife ndife Asilamu, nkhuku imachinjidwa ndi mwamuna. Anamumasula mwana wanga n'kumuponyera mpeni, koma dzanja linangolendewera, zala zosagwira. Mnyamata wina anamuponda m'nthiti kuti afulumire.

"Aneba," ndinatero, "mwanayu dzanja lafa. Tithandizeni."

Bambo aja anatola mpeni. Anaponda mapiko a tambala wawo ndi phazi limodzi, miyendo ndi phazi linalo, anamulozetsa koyenera, anatchula dzina la Mulungu motsitsa mawu, n'kudula. Magazi anawathira pa buluku. Tambalayo anaphupha mpaka pamene panagona mwana wanga.

Anyamata anatenga tambala, anatenganso wailesi, ati ndi umboni. Pochoka, a tcheyamani anawerama pa mwana wanga.

"Ukakondwa, uzitchula mtundu wa nkhuku. Tikadzabweranso sitidzafunsa amayi ako."

Ndinamukokera m'nyumba ndekha, chifukwa palibe amene anayandikira. Mkatimo, kuseri kwa chitseko, ndinapeza mpongozi wanga, mkazi wake, atakhala pansi miyendo itapindidwa. Mtsikanayu ndinali ndisanamukonde chifikireni, anali wa kumtunda ku Chitala, wosalankhulalankhula, ndipo anthu osalankhula ndimawaopa. Pansi pa chitenje chake panali tambala wakuda uja. Anamumasula ataona anyamata akubwera, n'kumufinya mlomo ndi dzanja kuti asalire. Anamva mwamuna wake akuthyoledwa panja, osatuluka, osasiya mlomowo. Pamene ndinamutsegula zala, tambala anali atafa kalekale, wazizira. Nyamafu, nyama yofa yosachinjidwa, sitidya. Tinakumba m'khitchini momwemo pafupi ndi mafuwa, tinamukwirira, n'kuzira dothi pamwamba.

Titamutengera kuchipatala patapita masiku, ndinanena kuti bwato linamugwera pomakokera kumtunda. Adokotala anayang'ana zipsera za nsapato pamsana pake, anandiyang'ana ine, n'kulemba za bwato. Mkono unapola mokhota. Sanapalasenso kupita ku Mbenji, anakhala wosoka maukonde a anzake, ndipo khutu lakumanzere silinamvenso.

Koma uthenga uja unali utapita kale kuboma, ndipo a tcheyamani sananene kuti aubweza. Lamulungu lonse ndinakhala pakhonde, nsana kunyanja, maso kumsewu. Lolemba m'mawa galimoto inabwera. Inadutsa pa msikiti, inadutsa pa chigayo, n'kukaima pakhomo pa a tcheyamani. Anatsika amuna awiri. Ndinauza mpongozi kuti amufunditse mwamuna wake nsalu ndipo asamulole kubuula. Ine ndinakaima pa mpanda, diso pa kampata ka udzu. Kuseri kwake, pafupi moti ndinkamva kupuma kwawo, akazi a aneba anali ataima chimodzimodzi, akusuzumira pa kampata kawo.

Amuna aja anakhala m'nyumbamo nthawi yoti mpunga n'kupsa. Anatuluka akuseka, wina atanyamula chambo chomangidwa pa mlaza. Galimoto inatembenuka. Itafika pa mphambano ya kwathu inachepetsa liwiro chifukwa cha mchenga. Kenaka inawongoka kulowera kuboma, kumbuyo kwake kulibe munthu.