Mtundu wa Chitsulo Chikapsa

Ndinachoka kwathu ku Rutendo chifukwa kunalibe woti n'kugula chithunzi. Fakitale ya zitsulo inali itazima kalekale, ndipo Ababa, amene anakalambira pa ng'anjo kumeneko, ankangokhala pakhonde kukonza mawailesi a anthu. Mnzanga wa kukoleji atandiuza kuti ku Joni akufuna mphunzitsi wa zojambula, sindinazengereze. Amayi anandiperekeza pokwerera kombi ya ku Kwekwe. Ababa anangoti, "Ukafika utiuze, mwanangu."

Ku Joni ndinkaphunzitsa akuluakulu, ambiri obwera ngati ine: alonda, amayi ogwira ntchito m'nyumba za eni. Sindinkawauza kuti ajambule maluwa. Ndinkati, "Jambulani phokoso la mumsewu wanu. Jambulani kudikira basi." Poyamba ankaseka, kenako ankayamba kusakaniza penti. Malipiro anali ochepa. Ndikalipira chipinda, zotsalazo zinkapita kunyumba. Lamulungu ndilo linkawawa. Ndinkapita ku zionetsero za zojambula zamakono, kumamva anthu akutsutsana za tanthauzo lake, n'kubwerera kuchipinda kopanda woti ndimuuze zomwe ndaona. Pafoni ndi Amayi tinkangokamba za magetsi ndi mvula. Za ntchito yanga sindinkatchula.

Chaka chachisanu ndi chimodzi, Amayi anaimba m'mamawa. "Esinati, abambo ako agwa. Dzanja lamanja lafa, pakamwa papotoka."

Nditafika kunyumba ndinawapeza ali pampando, maso ali bwinobwino koma mawu akukana kutuluka. Akafuna kunena kanthu ankalimbana nako mpaka misozi. Namwino anati dzanja lamanzere lizigwira ntchito, ndiye tsiku lina ndinawaikira katoni pamiyendo n'kuwapatsa bulashi. Anaiponya pansi. M'mawa mwake ndinangosiya penti pafupi nawo n'kupita kukachapa. Pobwera ndinapeza katoni yonse yada bii, pakati pali chibowo chofiira.

"Ndi dzuwa, Ababa?"

Anapukusa mutu mokwiya. Amayi anasuzumira. "Iwe, si pakamwa pa ng'anjo apo?"

Ababa anagwira dzanja la Amayi, osalisiya.

Kuyambira pamenepo ankajambula ng'anjoyo tsiku ndi tsiku. Ine ndinkangowaonetsa kasakanizidwe ka mitundu, ndi kuti bulashi youma imasiya mizere ngati utsi. Loweruka lina kunabwera anzawo awiri a kufakitale kudzawazonda, a Banda ndi a Moyo. A Moyo anatenga katoni imodzi n'kuiyang'ana nthawi yaitali.

"Aiwa, Phiri, apa wanama," anatero kwa Ababa. "Chitsulo chikapsa sichifiira chonchi. Chimayera mbee, maso osachipirira."

"Chimayera pakati pokha," anatsutsa a Banda. "M'mbali chimakhala ngati papaya wakupsa. Ndipo iyi ndi shifiti ya m'mawa, taonani kuwala kukulowera kudenga uku."

Anakangana mpaka tiyi kuzizira, Chishona ndi Chichewa mophatikiza. Ababa ankaloza apa, kuloza apo, kenako anaseka, kuseka koyamba chigwereni. Anakankhira kabotolo ka penti yoyera kwa a Moyo. Madalawo anagwira bulashi mwamantha ngati iwawotcha, n'kudontheza kadontho pakati pa chofiiracho. Onse atatu anaweramira pakatonipo.

Ine ndinaima pakhomo, manyazi atandigwira. Ndinapita kutali kukafuna anthu odziwa kuyang'ana, ndikuyesa kwathu kulibe. Chonsecho amuna awa anatha zaka akuwerenga moto ndi maso, kudziwa kutentha kwake poona mtundu wokha, ndipo palibe anawafunsapo zomwe anaona, ngakhale ine mwana wa m'nyumba.

Potsanzika, a Banda anandikokera pambali.

"Mwana wa Phiri, ubwerera liti ku Joni?"

"Sindikudziwa, bambo."

"Usafulumire. Loweruka tibwera ndi Tembo, iye ndiye ankatsegula ng'anjoyo. Upezeretu makatoni ambiri."