Kuponda Msana wa Anganga

Makolo anga atamwalira ndinaleredwa ndi anganga, mayi awo a mayi anga. Iwo ankathyola tiyi pa esiteti, ndipo ine ntchito yanga yaikulu inali kuwaponda msana.

Akaweruka ankafika atapindika ngati dengu likadali kumbuyo. Ankayala mkeka pakhonde n'kugona chafufumimba. Ine ndinkasamba mapazi, kugwira mzati, n'kuyamba kuyenda pamsana pawo, kuchokera m'chiuno mpaka m'mapewa. Fupa likalira, iwo amvekere, "Eyaa, pomwepo! Kapitawo watuluka. Pita m'mwambamu, mwatsala bwana."

Ndinayamba ndili kamtsikana kopepuka ngati nkhuku, koma zaka zinkapita. Tsiku lina ndili sitandade 6, nditangotsika pamsana, anganga anaona mbuzi ya eni ake ikudya chisoso chathu. Anadzambatuka, anayenda mapazi atatu, anadzandira, n'kukhala pansi pakati pa bwalo.

"Dziko lazungulira," anatero akuseka. "Mbuzi imeneyi ndi yokhwima."

Ine sindinaseke. Sabata yomweyo aphunzitsi anali atatiuza kuti mtima ndi pampu, ndipo ikaima basi kwatha. Ndinaona kuti tsiku lililonse ndimavina pamwamba pa pampu ya munthu yekhayo amene ndinatsala naye.

Kukana sindikanatha, chifukwa akapanda kupondedwa, m'mawa mwake ankalephera kuwerama. Ndiye ndinaganiza zosiya kukula. Chinangwa cha m'mawa ndinkagawira anzanga panjira, phala la kusukulu ndinkalizemba. Loweruka ndinapita kumene amayezera masamba kukaona ngati nzeruyo ikugwira ntchito. Akalaliki a pasikelo anandilowetsa m'thumba la tiyi n'kundikoleka. Kenako anakuwira anganga, amene anali pamzere.

"Amayi inu, tsamba ili mwathyola munda uti? Lakhwima ili, kufakitale akalibweza!"

Mzere wonse unafa ndi phwete. Pobwerera kunyumba anganga anangoti, "Lankhula." Ndinali mwana wosayankhulayankhula, moti mawu anatuluka titadutsa kale mlatho.

"Ndikalemera ndikuphani."

"Ndiye chinangwa changa chimadyedwa ndi ana a eni? Iwe, ine ndinasenza madengu usanabadwe. Kathupi kakoka n'kamene kandimalize?"

Komabe Lolemba ananditenga ku kiliniki ya pa esiteti, akuti anamwino akandichotse zopusa m'mutu. Anamwinowo anamvetsera, anawayeza anganga magazi, n'kundiyang'ana.

"Agogo, mwanayu sanalakwe kwambiri. Kugona chafufumimba pakokha si mlandu. Koma mimba ikafinyika, pamwamba palinso munthu, mtsempha waukulu wobwezera magazi kumtima umapanikizika. Mtima ukalandira ochepa umapopanso ochepa. Ndiye mukadzuka mothamanga, mutu umamanidwa gawo lake."

"Ndiye mbuzi ija ilibe mlandu?"

"Ilibe. Koma chimtsikana chonsechi pamsana? Mukufuna nthiti zithyoke?"

Anatilangiza kuti tizipinda zitenje, china pansi pa chifuwa, china m'chiuno, kuti mimba izipuma. Podzuka azitembenukira cham'mbali, akhale kaye pansi, mbuzi idikire. Mapazi anawaletsa. Anati ndizigwiritsa ntchito manja, kapena ndizigubuduza botolo.

Madzulo ake tinayesa. Ndinagwada pambali pawo ndi botolo la sobo, n'kumaligubuduza m'mbali mwa msana. Anganga anadandaula kuyambira m'chiuno mpaka m'khosi.

"Ukundisisita ngati mphaka wa kwa bwana. Limbikira! Kodi manjawa ndi obwereka?"

Ndinalimbikira mpaka thukuta kamukamu, koma mphamvu ndinalibe. Iwo anatembenuka pang'onopang'ono monga anauzidwira, anakhala tsonga, n'kundigwira mkono ngati akusankha nzimbe pa msika wa Masambanjati.

"Waona zosadya zakozi? Kale ndinkafuna mwana wopepuka, tsopano ndikufuna wamphamvu. Kaphule mbatata zija. Zinayi ndi zako, ndipo uzidyera pano ndikuona."

Ndinadya zisanu.