Tambala wa malume wayezedwa magazi

Malume anga a ku Tsangano ali ndi tambala wa kameta, wopanda nthenga m'khosi uja, ndipo amamukonda kuposa ife abale awo. Akazi awo aNangozo akhala akumunolera mpeni kuyambira kalekale. Mlendo akangofika, iwo maso pa tambala. Malume yankho lawo silisintha: "Imeneyo ndi mbewu, mayi. Simukuona makosi a anapiyewa?"

Miyezi yapitayi mdzukulu wawo Tiyamike, yemwe akuphunzira za ziweto ku yunivesite, anabwera ndi timabotolo n'kutenga magazi a tambalayo, mathadzi ndi anapiye. Akufufuza pamene pamakhala jini ya ukameta, kanthu ka m'thupi kamene kamalamula kuti khosi lisamere nthenga, poti nkhuku zotere zimapirira kutentha.

Ndinamufunsa kuti chinthu chosaoneka amachipeza bwanji.

"Ankolo," anatero Tiyamike, "anthu awiri akamatsika minibasi pa siteji imodzi tsiku lililonse, mumadziwa kuti nyumba zawo n'zoyandikana. Ifenso timaona zizindikiro za m'magazi zochoka kwa tambala kupita kwa anapiye. Chimene sichisiyana ndi khosi lometa, ndiye kuti chayandikana ndi jiniyo. Koma bambo wa anapiye azidziwika bwinobwino."

"Bambo ndi ameneyo!" anatero malume monyadira, akuloza tambala wawo.

Loweruka lapitali ndinali komweko pamene Tiyamike anaimba foni. Malume anaika pa sipika kuti oyandikana nawo amve za mbewu yawo.

"Agogo, pepani. Pa anapiye onse aja palibe ngakhale mmodzi wa tambala wanu."

ANangozo anaphulika nacho chikhakhali. "Ndiye kuti ndi kakameta konyentchera ka kutsidya kwa msewu kaja! Ka ku Mozambique, kolowa kuno popanda pasipoti!" Anadzuka n'kukatereka madzi pamoto.

Ndinaseka, koma malume ndinawamvera chisoni. Amunafe timakonda kudzitama ndi nkhope za ana. Khanda lisanatsegule n'komwe maso, tayamba kale kuti mphunoyi ndi ya kwathu. Tsopano zoyezazi zafika mpaka m'khola. Inu amene mukuseka malume anga, mukanaika foniyo pa sipika?

Malume anayesa kumuteteza tambala wawo. "Nanga amene amawafukulira chiswe ndani? Mphamba akazungulira, amakuwa ndani? Wa ku Mozambiqueyo munamuonapo akulera?"

"Kulerako akalerera mumphika," anayankha aNangozo.

Amene anamupulumutsa tambalayo ndi Tiyamike, yemwe anali adakali pa foni, akudandaula chifukwa kafukufuku wake anali atasokonekera. Anachonderera kuti tambalayo atsekeredwe m'khola ndi mathadzi osankhidwa, wakunja asafikeko, kuti anapiye otsatira bambo wawo adziwike. ANangozo anaphula madzi aja monyinyirika.

"Mazira akapanda kuswa, musadzandiuzenso za mbewu, bambo. Ndidzathyola matimati."

Potsanzika, malume ndinawapeza atagwada pakhomo pa khola, mdala woti anagwirapo ntchito m'migodi ya ku Joni osaopa kanthu. Ankasenda mtedza n'kumapatsa tambala uja m'manja, uku akunong'ona.

"Achimwene, ine ndakuikirani kumbuyo zaka zonsezi. Chonde, musandichititse manyazi kawiri."