Chala Chimene Chinazimitsa Netiweki ku Mississauga

Ine ndine munthu amene ndinaimitsa malonda a pakati pa Canada ndi Malawi ndi chala chimodzi, ndipo musaseke, zinachitikadi. Kunena zoona, malondawo anali a nyumba imodzi yosungiramo katundu ku Mississauga, ya bambo ena a ku Mangochi otumiza migolo ya zovala kumudzi, komabe chalacho chinali changa.

Anali masiku okoma aja a makompyuta a chimutu, pamene aliyense wotha kulumikiza pulinta ankatchedwa injiniya. Ndinali nditasiya koleji ku Oshawa mwakachetechete, amayi kumudzi akuuzabe anthu kuti mwana wawo ali pasukulu. Tsono bambowa ankaimbirana foni ndi amayi mwezi ndi mwezi, ndiye mukuona pamene panapachikika moyo wanga.

Anandipatsa ganyu yosamala netiweki yawo, ndipo ndinkaigwira ndili m'chipinda changa ku Oshawa, kulowa m'kompyuta yawo yaikulu kudzera pa intaneti. Pulogalamu yoyendetsera netiweki ndinkaidziwa ya zithunzi, yongodina ndi mausi ngati bwana. Koma kompyuta yawoyo inalibe zithunzi, inali ya sikirini yakuda yolembapo malamulo, phunziro limene linayamba sabata yomwe ine ndinatsanzika kukoleji.

Lachiwiri lina m'mawa anandiimbira kuti intaneti ikukwawa, pomwe mapepala a kontena ayenera kutumizidwa isanakwane 3 koloko. Ndinalemba dzina la pulogalamuyo, inatseguka, ndipo ndinaona poti zimitsa ndi poti yatsa. Mankhwala a makina onse si omwewo kodi, kuzimitsa n'kuyatsanso? Ndinazimitsa. Nanga ukazimitsa njira imene walowera, lamulo loyatsa lidzera kuti? Funso lanzeru limeneli linandifika chala chitadina kale. Sikirini inauma gwa, ndinamenya kiyibodi yonse, zii.

Foni inalira. Bambo aja anafunsa modekha, kudekha koopsa kuja, ngati zonse zili bwino, pakuti kwawoko ngakhale pulinta yamwalira. Ndinawayankha kuti ndi mmene ntchitoyi imayendera.

Ndinakwera sitima mpaka ku Toronto, ina yopita kumadzulo, kenako basi yoima pakhomo lililonse, njira yonse ndikuona m'maganizo kontena ikutsala, amayi akulandira foni. Ndinafika 2 koloko itapitirira, ndinakhala pa kompyuta yeniyeniyo, n'kudina poti yatsa. Basi. Mapepala anapita.

Bambo aja anandithirira tiyi wamkaka, n'kundiuza kuti mdzukulu wawo ali m'kalasi yanga pa koleji yomweyo ndipo m'mawa umenewo kalasi yonse inali pa mayeso, nanga ine ndinali pa mayeso ati? Anati asunga pakamwa, osawauza amayi, mpaka Lachisanu akatuluka mu mzikiti, zikapitirira apo lilime ndi lawo. Ndinawaimbira ndekha amayi Lachinayi n'kuulula.

Lero ndimakhulupirira kuti sikirini yakuda ija inali mphunzitsi yekhayo amene sindinathe kumuthawa, ndipo nthawi zina ndimaisowa. Inu anzanga, musazimitse chinthu chimene chili kutali musanadziwe amene akachiyatse. Zonsezi zinandidyera madola 25: makumi awiri a sitima ndi basi, asanu a khadi la foni, limene theka lake amayi analithera ali chete.