Mtengo wa Nkhuku ya Araba

Araba Eshun amasoka nyama. Ndi mmene timanenera kuno ku Sekondi, ndipo aliyense amamva: mikango, njovu, anyani, zovala zazikulu zija munthu amalowamo thupi lonse n'kumavina pa phwando la ana kapena potsegulira sitolo. Bambo ake anali telala wa gulu lina lovina pa Khirisimasi ku Takoradi, ndipo iye anakulira pansi pa tebulo lawo akutola tizidutswa ta nsalu. Kusema mitu anadziphunzitsa yekha, atawononga matiresi awiri a mayi ake.

Chimwalirireni amuna anga, masana ambiri ndimakhala pakhonde pake ndikupesa ubweya wa nyamazo. Timayimba kwaya imodzi, choncho manja akamagwira ntchito pakamwa pamakhala nyimbo ya Lamulungu.

Araba satchula mtengo asanaone munthu amene adzalowemo. Amamuyeza mutu, mapewa, ngakhale kutalikirana kwa maso. Siponji amaisema ndi lumo masiku asanu. M'kati amaikamo nsalu yotheka kuchotsa n'kuchapa, ndipo kuseri kwa makutu amasiya mipata yolowera mphepo. Akamaliza amavala yekha mutuwo dzuwa lili paliwombo, n'kuyenda mpaka kumsika wa nsomba. Akabwerako akupuma bwino, ndiye kuti ntchito yatha.

Chaka chatha zinthu zinathina. Masitolo a ku Accra anadzaza nyama za kufakitale, zowala, zotsika mtengo, ndipo kuyambira pa Pasaka palibe anabwera kudzasoketsa kalikonse kakakulu. Mkulu wake wa ku Tarkwa ankamuitana kuti azikagulitsa naye nsalu. Araba anandiuza kuti Okutobala akatha chimodzimodzi, agulitsa makina ake n'kupita.

M'mwezi womwewo kunabwera Mayi Ackon, eni bekale yaikulu ya kumsewu wa kudoko. Anatsagana ndi Fiifi Arthur, bambo wa zaka makumi anayi amene amapakira buledi m'galimoto zawo. Mayiwo ankafuna nyama zitatu, nkhuku, njovu ndi mkango, zoti antchito awo azivina nazo potsatsa buledi mu Disembala.

Araba anayeza Fiifi, n'kunena kuti iliyonse ndi ndalama zokwana masedi zikwi zisanu ndi ziwiri.

"Iii! Mwana wa Eshun, nkhukuyo idzaikira mazira?" anatero Mayi Ackon, akutulutsa foni. "Taona iyi ya ku Accra. Zikwi ziwiri, ndipo mawa lomwe yafika."

"N'zokongoladi, Madamu."

"Nanga yakoyo yaposa pati? Pa chithunzi n'zofanana."

Araba sanatsutse. Analowa m'nyumba n'kutulutsa mutu wa galu wa kufakitale umene wina anausiya kuti aukonze.

"Tavalani uwu, mufike pa geti paja n'kubwerako."

"Ine? Tsitsi ndamangitsa dzulo lomweli!"

"Valani Madamu," anatero Fiifi akuseka. "Ife timavala tsiku lonse, ndipo palibe amatifunsa za tsitsi."

"Iwe uli nalo tsitsi? Mutu ngati dzira."

Komabe anavala. Anayenda atatambasula manja, chifukwa m'mitu imeneyo munthu amaonera kukamwa, ndipo amangoona mapazi ake. Anagunda ndowa yanga ya madzi. Asanafike pa geti anauvula, nkhope ili thukuta lokhalokha, n'kukhala pa benchi.

Ndinaganiza kuti nkhani yatha. Koma Mayi Ackon sanamange bekale ndi chisoni.

"M'katimu mukutenthadi," anatero. "Koma kutenthako ndi kumene ndimamulipirira Fiifi. Ogula buledi amaona kunja. Tamvera, undisokere kunja kokongola ngati mmene umachitira, m'katimo usavutike namo. Zikwi zitatu iliyonse, zonse zitatu n'zako."

Fiifi anayang'ana pansi. Araba anapempha masiku atatu.

Masiku amenewo sanayimbe. Ankadziwa bwino kuti akhoza kutero: kumata siponji pa chisoti cha pulasitiki, osasiya mipata, osayenda nawo kumsika. Sabata imodzi nyama imodzi, ndipo makina sakanagulitsidwa. Tsiku lachiwiri anandifunsa, "Anti, kodi ndi tchimo?" Ndinayankha kuti sindikudziwa lamulo limene akanaswa, ndipo sindinkalidziwadi. Ndinangomupempherera kuti asankhe chimene adzathe kukhala nacho.

Ndakhala ndikuganizira chifukwa chake mitengo iwiriyi imatalikirana chotere. Wogula nyama yotere nthawi zambiri si amene amaivala. Ya kufakitale mtengo wake ndi wa munthu woimirira panja, amene akufuna ana aseke ndiponso chithunzi chituluke bwino. Ya Araba, ndalama zambiri zimathera m'kati, kumene wolipirayo sadzalowako. Ndiye kumuuza munthu kuti alipirire mpweya umene adzapume wantchito wake, si nkhani yapafupi.

Tsiku lachitatu tinapita limodzi ku bekale. Araba anaima pakhomo pa ofesi manja ali kumbuyo ngati mwana wa sukulu.

"Madamu, zitatu sindingathe. Ndipatseni mwayi wa imodzi yokha, nkhuku ya a Fiifi, pa mtengo wanga. Zinazo mugule ku Accra."

"Ukukana zikwi zisanu ndi zinayi kuti ulandire zisanu ndi ziwiri? Sukulu unalekeza pati?"

"Ndinamuyeza kale munthuyu, Madamu. Ndikudziwa pamene pali mphuno yake. Sindingapatseke."

Mayi Ackon anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana ine.

"Anti, mwana wa kutchalitchi kwanuyu ndi wouma mutu ngati bambo ake. Chabwino, imodzi. Koma ikapanda kuvina, ndidzaiphika."

Nkhukuyo inatenga masabata asanu. Araba anayenda nayo kumsika wa nsomba kawiri, chifukwa ulendo woyamba khosi linkakhula. Amayi ogulitsa nsomba ankaiponyera chimanga.

Mu Disembala galimoto ya buledi inazungulira Sekondi ndi Takoradi. Njovu ndi mkango za ku Accra zinkavina nyimbo ziwiri n'kukabisala kuseri kwa galimoto, mitu ili m'manja. Nkhuku inkapitiriza, ikuwerama kupatsa ana moni chifukwa inkawaona. Anzake aja anapempha kubwereka, koma mutuwo sunkakhala bwino pa wina aliyense kupatula Fiifi.

Chaka chatsopano chitalowa, Fiifi anabwera ndi mitu iwiri ija pa wilibala.

"Madamu akuti muibowole, achemwali. Akuti musawauze kuti munanena kale."

"Oivala ake ali kuti?"

"Ali ku ntchito."

"Abwere ndiwayeze kaye."

Makina sanagulitsidwe, ndipo ku Tarkwa sanapite. Koma sindinganene kuti anapambana. Zosoketsa zatsopano zikadali zochepa, ndipo ntchito imene imamudyetsa tsopano ndi yong'amba nyama za kufakitale n'kuzikonza m'kati. Mbiri yake yafika mpaka ku Cape Coast. Nthawi zina amaima ndi lumo m'manja, akuyang'ana mutu umene sanauseme iye, n'kudandaula kuti wasanduka dokotala wa ana a eni. Kenako amafunsa amene wabwera nawo kuti wovalayo ndi wamtali bwanji, n'kuyamba kudula.